Mayina a ku Japan m'kabuku ka ballet, ndi fomu imene ndinabisa

Sabata yatha ndinalandira imelo kuchokera kwa mayi wina wa ku Leeds. Mwana wawo wamkazi wa zaka 10 wakakamira ballet. Anapita naye kukaonera, ndipo m'kabuku ka mayina a ovina anapezamo mayina angapo a ku Japan. Funso lawo ndi lakuti: anthu amenewa analowa bwanji m'gule wa azungu, nanga mwana wathu angapezemo malo kapena tikungotaya ndalama?

Achemwali, imelo yanuyi ndinaiwerenga ndili m'basi pochokera ku ntchito ya usiku, mpaka ndinapitirira siteji yotsikira. Mwandigunda pachilonda. Ndikuyankhani, koma mundilole ndiyambire m'nyumba mwanga.

Mwana wanga woyamba anayamba ballet ali ndi zaka 6, muholo ina yaing'ono kuno ku Birmingham, Loweruka lililonse m'mawa. Sindinamupititse chifukwa choukonda gulewo. Ndinkangofuna ola limodzi lokagula ndiwo ku msika wa Bull Ring popanda wondikoka siketi. Koma mwanayo zinamulowa m'magazi. Ine ndikamavundula nsima, iye amakhala atagwira m'mphepete mwa sinki ndi dzanja limodzi, zidendene atazigundanitsa, phazi lina kuloza uku lina uko, n'kumatsika pang'onopang'ono msana uli chilili, akuwerenga chamumtima milomo yokha ikugwedera. Ndikati "iwe choka apo, upsa ndi phala," amangosendera pang'ono osasiya kuwerenga.

Mu Disembala 2014 ndinadzimana n'kugula matikiti awiri okaonera ballet ku holo ya zisudzo ya Birmingham Hippodrome, mipando ya pamwamba penipeni, kumene ovina amaoneka ngati zala za m'manja. Pa nthawi yopumira mwana uja anatsegula kabuku monga momwe munachitira inumo, n'kumalondola mayina ndi chala. Anaima pa Nao Sakuma, wa ku Fukuoka, kenako pa Momoko Hirata, onse awiri ali pa mndandanda wa ovina akuluakulu. Anandiyang'ana n'kunena kuti, "Amayi, awa si a kuno. Nawonso anachita kubwera." Usiku umenewo anagona kabuku kali pansi pa pilo.

Mphunzitsi wake anandiitanira pambali n'kundipatsa fomu yoti mwana akayesedwe pa sukulu yeniyeni ya ballet. Anati thupi lake likulola, khutu la nyimbo ali nalo, ndipo zaka zake ndi zomwezi. Fomuyo ndinaipinda kanayi, ndinaiika m'dirowa momwe timasungamo mapasipoti, ndipo ndinaisiya momwemo mpaka tsiku lomaliza linadutsa. Mwana atafunsa ndinamuuza kuti malo anadzaza.

Zifukwa ndinali nazo, ndipo panthawiyo zinkaoneka zomveka. Ndinkagwira mashifiti a usiku kunyumba yosamalira okalamba, mayi anga ku Ntcheu akudikira feteleza, alongo anga awiri akudikira fizi. Bambo a kunyumba ankati mwana amene tamuvutikira mapepala chonchi aphunzire za chipatala. Koma chimene chinandigonjetsa kwenikweni ndi mawu a amayi ena a kutchalitchi, amene anaona chithunzi chake pa Facebook atavala kovala kothina kaja mwendo uli m'mwamba. Wina anandinong'oneza pa nthawi ya tiyi kuti, "Mayi, mwana wamkazi kumamuonetsa chonchija pagulu? Zimenezi ndi za eni ake." Ndinaseka nawo limodzi, kenako ndinakalirira m'galimoto. Mwanayo anapitirizabe chaka china, anavalako nsapato zake zoyamba zoimira pa zala, ndipo atalowa sekondale ndinamuletseratu.

Patapita zaka ndi pamene ndinayamba kuwerenga za anthu a m'kabuku aja, ndipo ndinapeza kuti njira yawo si yachinsinsi.

Amene anaitsegula ndi Miyako Yoshida. Anabadwira ku Tokyo mu 1965 ndipo anayamba kuvina ali ndi zaka 9. Mu 1983 anapambana pa mpikisano wa Prix de Lausanne ku Switzerland, umene unayamba mu 1973 ndipo umasonkhanitsa achinyamata a zaka 15 mpaka 18. Mphoto yake si chikho chokongoletsera kabati. Wopambana amapatsidwa malo pa sukulu yaikulu kapena m'gulu la akatswiri. Yoshida analowa Royal Ballet School ku London, mu 1984 analembedwa ntchito ku Sadler's Wells Royal Ballet imene ankaitsogolera Peter Wright, ndipo mu 1988 anakwezedwa kukhala principal, udindo umene pamwamba pake palibenso wina kwa wovina. Gululo litasamukira kuno mu 1990 n'kusintha dzina kukhala Birmingham Royal Ballet, iye anabwera nalo. Mu 1995 anapita ku Royal Ballet ku Covent Garden, mu London, ndipo anavinako mpaka 2010. Tangomuganizirani mtsikana wa zaka 17 akutsika ndege ku London mu 1983, kulibe foni ya m'manja, kulibe WhatsApp yoti aone nkhope ya mayi ake. Ife amene tinabwera tili akuluakulu tikuidziwa mphepo ya chaka choyamba.

Pambuyo pake panabwera Tetsuya Kumakawa wa ku Asahikawa, pa chilumba chozizira cha Hokkaido, amene anatenga mendulo ya golide ku Lausanne mu 1989 n'kukhala principal wa Royal Ballet mu 1993 ali ndi zaka 21 zokha. Erina Takahashi wa ku Kushiro analowa English National Ballet mu 1996. Akane Takada ndi Ryoichi Hirano, onse odzera ku Lausanne, anakwezedwa limodzi kukhala ma principal a Royal Ballet mu 2016, ndipo Fumi Kaneko wa ku Osaka anawatsatira mu 2021. Mu 2016 momwemo anakwezedwanso Francesca Hayward, wobadwira ku Nairobi, mayi ake a ku Kenya. Dzina limenelo mumuuze mwana wanu.

Anthu amakonda kunena kuti a ku Japan anabadwa ndi khama kapena matupi opepuka. Ine zimenezo ndimazikana, chifukwa zimabisa ntchito ya makolo. Anna Pavlova, wovina wotchuka wa ku Russia, anakavina ku Japan mu 1922. M'zaka za m'ma 1920 zomwezo mayi wina wothawa kwawo ku Russia, Eliana Pavlova, amene sanali m'bale wake wa Anna, anatsegula sukulu ku Kamakura. Mu 1946, patangotha chaka nkhondo yachiwiri ya dziko lonse itatha, mzinda wa Tokyo usanamangidwenso, anthu anavina ballet yotchuka ya Swan Lake yathunthu. Yoko Morishita, wobadwira ku Hiroshima mu 1948, anatenga golide pa mpikisano wa ballet ku Varna, ku Bulgaria, mu 1974. Ndiye kuti pamene Yoshida ankafika ku London, kumbuyo kwake kunali agogo ndi makolo amene anali atazolowera kale kulipirira mwana sukulu ya ballet. Ndipo masukulu a kumeneko ambiri ndi a anthu wamba, otsegulidwa ndi mphunzitsi mmodzi m'dera lakwawo. Amalipira ndi makolo, kuyambira maphunziro, zovala, mpaka chionetsero cha ana.

Mbali ina ya nkhaniyi ndi yowawa, ndipo ife tikuidziwa bwino. Ku Japan ophunzira ndi ambiri koma ntchito za malipiro a pamwezi ndi zochepa. M'magulu ambiri wovina amalipidwa akavina basi, ena amapatsidwa matikiti kuti agulitse okha kwa abale ndi anzawo, ndipo amadalira kuphunzitsa ana kuti adye. Kuno gulu lalikulu limalemba munthu ntchito ya chaka chonse, limamupatsa nsapato, lili ndi akatswiri osamalira minofu ndi mafupa akavulala. Ndani angakane? Ife amene tinasiya mawodi ndi makalasi a kwathu kudzatembenuza okalamba kuno sitingawafunse kuti anabwereranji.

Tsono apa ndi pamene mtima wanga umatentha. Mawu aja akuti "ndi za eni ake", eni ake ndani? Ballet inayambira m'nyumba za mafumu ku Italy, inakulira ku France kumene mfumu Louis XIV anakhazikitsa sukulu ya zovina mu 1661, inakhwimira ku Russia. Gulu limene lero ndi Royal Ballet linayamba mu 1931, patapita zaka 9 Anna Pavlova atavina kale ku Japan, ndipo analiyambitsa ndi Ninette de Valois, mayi wobadwira ku Ireland. Amene akutsogolera Birmingham Royal Ballet kuyambira 2020 ndi Carlos Acosta, munthu wakuda wa ku Havana, mwana wa dalaivala wa lole. Akuluakulu anati mlendo ndi amene amabwera ndi kalumo kakuthwa, ndipo gule ameneyu wakhala akumetedwa ndi alendo chiyambire. Ifenso beni ndi malipenga tinazitenga ku perete wa asilikali a atsamunda, tinaziphika mwathumwathu, ndipo lero palibe amene amati ndi za eni ake. Amayi omwe anandinyoza aja ndi omwe amatimanga chitenje m'chiuno pa chinkhoswe n'kumatiimbira m'manja tikamadula. Ndinalakwa kuwamvera, ndipo nditi ndinene mosapsatira kuti nawonso analakwa.

Za nsapato

Nsapato za mwana wanga ndikadali nazo m'katoni pamwamba pa wadiropu. Kunja ndi nsalu yosalala yonyezimira, koma mukagogoda kumutu kwake imalira ngati kabokosi. Mulibe thabwa kapena chitsulo monga ambiri amaganizira, ndi nsalu, mapepala ndi guluu zosanjikizana mpaka kuuma gwa. Zimabwera zopanda maliboni, mumasoka nokha, ndipo ine ndinasoka anayi onse usiku umodzi ndi ulusi wa pinki, ndikudzibaya zala. Kwa katswiri, peyala imodzi ikhoza kufa pa chionetsero chimodzi. Mtundu wake ndi pinki wotuwa, woti ufanane ndi khungu kuti mwendo uoneke wautali, ndipo pa mwendo wa mwana wanga zinkaoneka ngati wavala za wina. Kwa zaka zambiri ovina akuda ankazipaka okha zodzoladzola za kumaso kuti zide. Mpaka mu 2018 ndi pamene kampani ya Freed of London, mogwirizana ndi gulu la ovina akuda ndi ochokera ku Asia lotchedwa Ballet Black limene Cassa Pancho analiyambitsa mu 2001, inayamba kupanga zofiirira. Ndikunena izi kuti musaganize kuti njira ya mwana wanu idzafanana ndendende ndi ya mtsikana wa ku Osaka. Mwana wanuyo adzakumana ndi za tsitsi, za masokosi, za kukhala yekha wakuda m'kalasi. Koma Mthuthuzeli November wa ku South Africa anadzera ku Ballet Black komweko n'kupata mphoto ya Olivier, yotchuka pa za zisudzo kuno, mu 2020.

Amene anabwerera kwawo

Izi zimandikhudza kuposa zonse. Kumakawa anachoka ku Royal Ballet mu 1998 n'kukayambitsa K-Ballet ku Tokyo mu 1999. Yoshida anatenga utsogoleri wa National Ballet of Japan mu 2020, ndipo mu Julayi 2025 anabwera ndi gulu lakelo kudzavina ku Royal Opera House, pa nsanja yomwe ija ankavinapo ali wantchito. Ndinaona zithunzi zake pa intaneti ndipo ndinakhala chete nthawi yaitali.

Chaka chatha ndinamuululira mwana wanga za fomu ija. Pano ndi wamkulu, akumaliza maphunziro a za mankhwala, ndipo sadandaula. Tinali kukhitchini komwe kuja. Anandiyankha kuti, "Amayi, ndinaiona kalekale, tsiku lomwe munandituma kukatenga pasipoti." Anali ndi zaka 12 pamene anaiona, ndipo zaka zonsezi sanandifunsepo. Sindikunena kuti akanakhala Yoshida. Chikomekome cha nkuyu m'kati muli nyerere: ambiri olowa masukulu amenewa sapeza ntchito, mawondo ndi akakolo amavulala, ndipo amene apeza ntchitoyo ambiri amaisiya asanakwane zaka 40. Mwina akanakayesedwa n'kukanidwa. Koma akanakanidwa ndi odziwa gule, ataima pamaso pawo, osati ndi dirowa la mayi ake.

Tsono achemwali, inu muli pabwino chifukwa Northern Ballet ili ku Leeds komweko, ku Quarry Hill, ndipo ili ndi sukulu yake ya ana. Funsani mphunzitsi wa mwanayo akuuzeni zoona zake za mmene akuchitira. Onaninso makalasi a Associates a Royal Ballet School, amene amachitika m'mizinda ingapo mwana akugonabe pakhomo. Zikafika pa sukulu yogonera konko monga Elmhurst ya kuno ku Edgbaston, amalowa ali ndi zaka 11, ndiye chaka chake ndi chino. Pa za ndalama funsani za Music and Dance Scheme, thandizo la boma limene limatengera zimene banja limapeza, ndipo muwerenge bwino zimene amafuna pa mapepala okhalira m'dziko muno. Nsapato zoimira pa zala musamugulire mphunzitsi asanavomereze, mafupa akadali anthete. Bambo ake muwatenge akaonere kalasi ndi maso awo. Tsiku loyesedwa likadziwika mundilembere, sitima ya ku Leeds ndimaidziwa, ndipo kusoka maliboni sindinaiwale.