Wailesi ya malemu bambo yangoti zii: ikonzeke kapena tiichotse zam'kati?

Sabata yathayi ndalandira imelo kuchokera kwa mayi wina wa ku Dedza. Akuti posesa m'chipinda cha malemu bambo awo anapeza wailesi ya National Panasonic imene bambowo anabwera nayo kuchokera ku Joni m'zaka za m'ma 1970. Ndi ya miyala inayi ikuluikulu, ili ndi MW (mafunde apakati) ndi SW (mafunde aafupi) basi, FM palibe. Ataikamo miyala yatsopano wailesi inangoti zii, koma akaigwedeza nthawi zina imathetheka pang'ono. Anapita nayo kwa wokonza mafoni pamsika, ndipo iye anawauza kuti zoterezi zinatha kale ntchito, njira ndi yochotsa zam'kati zonse n'kuikamo kabolodi ka Bluetooth ndi FM. Funso lawo ndi lakuti avomere kapena ayi.

Achemwali, musavomere. Wailesi imene ikuthetheka mukaigwedeza ndi yamoyo, ikungokuuzani kuti penapake magetsi sakudutsa bwino. Wokonza uja sindikumunena kuti ndi woipa mtima. Ntchito yake ya tsiku ndi tsiku ndi yochotsa bolodi n'kuika ina, chifukwa zipangizo za masiku ano zinapangidwa choncho. Koma mawailesi a nthawi ya bambo anu, kaya National, Philips, Supersonic kapena Nzeru yathu ija, anapangidwa ndi tizipangizo tikulutikulu toti munthu n'kutigwira ndi zala, kutiyeza kamodzikamodzi, n'kusintha kokhako kamene katopa. Zam'katizo zikangotayidwa, simudzazipezanso.

Musanamasule ndi sikulu imodzi yomwe, yambani ndi malo a miyala. Kumeneku n'kumene kumafera mawailesi ambiri, ndipo chifukwa chake ndi chimodzi: mwini wake anadwala kapena anagula ina, miyala n'kutsalira m'katimo zaka, mpaka inatuluka madzi. Tsegulani kachitseko muyang'ane sipuling'i ndi kachitsulo koyang'anana nayo. Mukaona ufa woyera wouma, kawirikawiri ndi wa miyala ya alkaline, ndipo umachoka ndi viniga kapena madzi a ndimu pa mswachi wakale. Mukaona dzimbiri lofiirira lonyowanyowa, imeneyo ndi ntchito ya miyala wamba yotchipa ija, ndipo pamenepo pamafunika soda wosungunula m'timadzi pang'ono. Mukatsuka pukutani, muumitse, kenako palani ndi sandipepa mpaka chitsulo chiwale. Musaiwale kutsatira waya wofiira ndi wakuda amene achokera pamenepo. Madzi a batire amakwera m'kati mwa waya, kunja pulasitiki ili bwinobwino koma m'kati mkuwa unasanduka ufa wobiriwira. Kokani waya pang'ono. Wodyeka amatamuka kapena kuthothoka.

Chachiwiri, chimene anthu ambiri sachiganizira, ndi kabowo kolowetsa cha m'khutu. M'kati mwake muli timalata tiwiri togundana, ndipo mawu opita ku sipika amadutsa pamenepo. Mukalowetsa pulagi timalatato timatalikirana kuti sipika isiye kulira. Tikachita dzimbiri, sipika imakhala chete ngakhale wailesi yonse ili bwino. Lowetsani pulagi ndi kuizula kangapo konse wailesi ili yoyatsa, mumve ngati ikuyankha. Chitaninso chimodzimodzi ndi switchi yosinthira MW ndi SW: ikankheni uku ndi uku mobwerezabwereza. Voliyumu nayo, popeza ndi yomwe imayatsa wailesi, ipotokoleni kuyambira pansi mpaka pamwamba. Ngati mungapeze mankhwala opopera otchedwa contact cleaner, thirani pang'ono pokha. Akasowa, kadontho ka sipiriti kamathandiza. Mafuta a makina, parafini kapena girisi ayi, zimenezo zimaitana fumbi.

Mwa zimene mwandifotokozera, ndikukhulupirira kuti vuto lanu lili pa malo atatu amenewa. Koma tiyeni tipitirire, mwina silili pomwepo.

Tsopano tsegulani kumbuyo, ndipo chinthu choyamba jambulani ndi foni mbali zonse, pafupi, waya aliyense aoneke kumene walowa. Mupezamo fumbi, mwaye ngati inkakhala kukhitchini, mazira a mphemvu. Chotsani ndi burashi youma mofatsa. Muonamo kandodo kakuda kokulungidwa waya wopyapyala kwambiri; imeneyo ndiyo eriyo ya MW, ndipo imasweka ikagwa. Waya wake ndi timaulusi tambirimbiri ta mkuwa, ukaduka kuulumikiza n'kovuta, choncho burashi isafikepo mwamphamvu. Muonanso timabokosi tachitsulo tokhala ndi sikulu pamwamba, zopakidwa utoto wachikasu, woyera, wakuda ndi wofiira.

Timasikulu timeneti musatikhudze, chonde. Sikuti tinamasuka. Tinatchunidwa kufakitale kuti wailesi igwire ntchito pa nambala imodzi, imene pa mawailesi ambiri a ku Japan ndi 455 kHz, ndipo pa ambiri a ku Britain ndi 470 kHz. Wailesi imatenga siteshoni iliyonse imene mwasankha n'kuitsitsira pa nambala imeneyo isanaikuze. Munthu akangopotokola kamodzi poganiza kuti akumanga, mawu amachepa kapena kuzimiririka, ndipo kubwezeretsa kumafuna makina otchedwa signal generator amene pamsika sapezekapezeka. Choipitsitsa n'chakuti timasikuluto si tachitsulo cholimba, ndi ferrite, chinthu chosachedwa kusweka ngati mbiya, ndipo sikuludiraiva wamba amatiphwanya. Mawailesi ambiri amene amandivuta kwambiri ndi amene munthu wina anayamba wadutsamo ndi sikuludiraiva asanafike pa tebulo langa.

Kuti mudziwe mbali imene yadwala, pali kuyesa kosafuna chipangizo. Yatsani wailesi, pa miyala yokha osati pa magetsi a pakhoma, mukweze voliyumu. Gwirani chitsulo cha sikuludiraiva ndi chala n'kugunditsa nsonga yake pa mwendo wapakati wa voliyumu. Sipika ikalira kuti mmmm kapena kuthetheka, ndiye kuti mbali yokuza mawu ndi sipika zili moyo, vuto lili kutsogolo kumene kumagwidwa siteshoni. Ikakhala chete, yesani sipika payokha: chotsani waya wake mmodzi, mutenge mwala umodzi wa 1.5 V ndi timawaya tiwiri, mukhudzitse pamiyendo yake mwachangu. Yamoyo imati kwa! kwa! Amene ali ndi multimeter, mita yoyezera magetsi, akhoza kuchita zoposa apa. Zimitsani wailesi, ikani mita pa mA (poyezera magetsi amene wailesi ikudya), mugunditse nsonga zake pa miyendo iwiri ya switchi yoyatsira. Wailesi yamtunduwu voliyumu ili pansi imadya pakati pa 10 ndi 20 mA, kapena chapafupi pamenepo. Mita ikawerenga 0, penapake paduka. Ikathamangira ku mazana, chinachake chagundana. Chotsani mita msanga, ma transistor (tizipangizo tokuza mafunde ndi mawu) asanapse.

Matenda enieni a ukalamba ali m'makapasita a mtundu wa electrolytic, aja ozungulira okhala ndi chizindikiro cha + kapena − pambali. M'kati mwake muli pepala lonyowa ndi mankhwala, ndipo pa zaka 50, ndi kutentha kwathu kuno, mankhwalawo amauma. Zizindikiro zake zimadziwika: mawu otsika ngakhale voliyumu ili pamwamba, mawu a m'mphuno, kulira kwa likhweru, kapena phokoso lakuti pu-pu-pu-pu ngati chigayo cha dizilo chikulira patali. Mu wailesi ngati yanuyo samakhala ambiri, ndipo atsopano amapezeka m'mashopu a zipangizo za TV ku Lilongwe ndi ku Blantyre pa mtengo wochepa. Onani manambala awiri olembedwa pambali. Ya µF ikhale yofanana kapena yoyandikira: pa 30 ikani 33, pa 50 ikani 47, pa 200 ikani 220, chifukwa manambala akale aja anasiya kupangidwa. Ya V ikhale yofanana kapena yokulirapo. Wa 16 V kapena 25 V m'malo mwa wa 6 V alibe vuto. Sinthani mmodzi, yatsani, mverani, kenako winayo. Kuona maso a nkhono n'kudekha. Mukachotsa onse nthawi imodzi ndipo wailesi n'kukhala chete, simudziwa kuti mwalakwitsa pati.

Pano pali msampha umene umakola ngakhale amisiri odziwa TV. Mawailesi ambiri a m'ma 1960 ndi koyambirira kwa m'ma 1970 ali ndi ma transistor a germanium a mtundu wa PNP, ndipo ambiri mwa iwo mbali ya + ya batire ndi imene inalumikizidwa ku chitsulo cha wailesi, mosiyana ndi zipangizo za lero. Wozolowera kuti mwendo wa − umapita ku chitsulo amaika kapasita chozondotsa. Musadalire chizolowezi, dalirani chithunzi munajambula chija ndi mmene wakaleyo anakhalira.

Ma transistor enieniwo safa wamba, ndipo ndiwo omaliza kuwakayikira. A germanium mumawazindikira ndi kachitini kachitsulo ndi manambala monga 2SA102 kapena 2SB175 pa mawailesi a ku Japan. Amadana ndi moto. Powotcherera pafupi nawo, panani mwendo ndi pulayala pakati pa chowotcherera ndi thupi lake kuti kutentha kuthere m'pulayalamo, ndipo musapitirire masekondi atatu kapena anayi. Chowotcherera cha 25 mpaka 40 W n'chokwanira. Chija chotenthetsa pa mbaula chimene ena amagwiritsa ntchito magetsi akazima chimalumikiza waya wa batire bwinobwino, koma pa bolodi chimatukula timizere ta mkuwa. Dziwaninso kuti simungangochotsa wa germanium n'kuikapo wa silicon: woyambayo amatseguka pa 0.2 kapena 0.3 V, winayo amafuna 0.6 kapena 0.7 V, choncho popanda kusintha ma resistor (tizipangizo tochepetsa magetsi) mawu amatuluka ophwanyika kapena osatuluka n'komwe. Wa germanium wabwino amachokera mu wailesi ina yakufa, n'chifukwa chake ine sinditaya bolodi yakale iliyonse. Kwa amene muli ndi wailesi ya Bush, Roberts kapena Philips ya m'ma 1960, m'kati mwake mumapezeka ma transistor olembedwa AF114 mpaka AF117, kapena OC170 ndi OC171, amene amamera tindevu tachitsulo m'kati mwa chitini mpaka kugundanitsa miyendo. Mukagogoda ndi chogwirira cha sikuludiraiva wailesi imadzuka kwa kanthawi. Kudula mwendo wachinayi, wolumikizidwa ku chitinicho, nthawi zambiri kumaidzutsa, ngakhale kuti tindevuto timapitiriza kumera.

Ndiye pali nkhani imene ikanayenera kubwera poyamba kwa anthu ena: mwina wailesi ndi yabwino, koma mumlengalenga ndi momwe mwachepa mawu. Pamene MBC inkayamba mu 1964, komanso zaka zonse bambo anu ankamvera wailesiyi, kuulutsa kunali pa MW ndi SW. Lero pafupifupi nyumba zonse zoulutsira mawu kuno zili pa FM, pakati pa 87.5 ndi 108 MHz, kumene wailesi yanu sifika. Nawo malo otumizira mawu a SW a ku Meyerton ku South Africa, kumene kunkachokera mawu a wailesi ya Channel Africa ndi mapulogalamu ake a Chinyanja, anatsekedwa mu 2019. Choncho masana mukhoza kuyendetsa muvi wosankhira siteshoni kuchokera mbali ina mpaka ina n'kungomva mphepo yokhayokha. Mphepoyo ndi nkhani yabwino. Bweretsani chaja ya foni yolumikizidwa kukhoma pafupi ndi wailesi ili pa MW. Ikabangula, ndiye kuti ikumva. Kenako dikirani dzuwa lilowe, chifukwa usiku mafunde a MW amayenda kutali kwambiri. Zimitsani mababu a LED ndi TV, kapena tulukani nayo panja, muitembenuze pang'onopang'ono popeza kandodo kakuda kaja kamamva bwino kuchokera m'mbali. Pa SW solorani eriyo yonse, muyendetse muvi pang'ono kwambiri pa malo olembedwa 49, 31 ndi 25 mita. BBC imaulutsirabe Africa pa SW, ndipo Trans World Radio imaulutsa kuchokera ku Eswatini.

Ndikudziwa kuti mukufuna kumveranso MBC ndi Zodiak pa sipika imene bambo anu ankamvera, ndipo ndi chifuniro chabwino. Zimatheka popanda kutaya kanthu. Kabolodi ka FM ndi Bluetooth kaja kakhoza kukhala kunja m'kabokosi kake, kapena kubisidwa pakona m'kati, mawu ake n'kulowetsedwa pa voliyumu ndi mawaya awiri kudzera pa kapasita mmodzi ndi kaswitchi kosankhira. Akukuza mawu amakhalabe ma transistor akale aja, ndipo tsiku limene mwafuna kuibwezera mwakale mumangochotsa mawaya awiriwo. Mmisiri amene avomere kuchita zimenezi, n'kukana kuboola bokosi la kutsogolo, ndiye womupatsa wailesi yanu. Muwafunefune achikulire amene ankakonza mawailesi ndi makaseti mafoni asanabwere. M'misika ikuluikulu adakalimo, ndipo mumupemphe akubwezereni chilichonse chimene wachotsa.

Za kunja n'zosavuta. Nsalu yonyowa ndi sopo pang'ono, mswachi pa timabowo ta sipika, polishi wa nsapato ngati ili ndi chikopa. Thina ndi petulo zimasungunula pulasitiki. Galasi la manambala musalinyowetse kumbuyo, chifukwa manambalawo anadindidwa mbali imeneyo ndipo amachoka ndi madzi. Muvi ukakhala kuti suyenda, ndiye kuti kachingwe kaduka kapena kasipuling'i kake kafooka. Jambulani mmene kazungulirira musanakachotse, ndipo ulusi wolimba wosatamuka, monga wosokera nsapato, umagwira ntchito.

Pa magetsi, miyala inayi ndi 6 V. Musailumikize ku batire ya galimoto kapena ya sola ya 12 V, ipsa nthawi yomweyo. Chaja ya foni imatulutsa 5 V ndipo phokoso lake limakwirira masiteshoni onse a MW. Ngati wailesiyo ili ndi kabowo ka adaputa, yang'anitsitsani chizindikiro chili pambali pake, chifukwa pa mawailesi ambiri a ku Japan a nthawi imeneyo − ndiye ali pakati. Ndipo mukaisiya kwa mwezi kapena kuposerapo, chotsanimo miyala. Mukayesa malo a miyala, kabowo ka cha m'khutu ndi maswitchi aja, mundilemberenso mundiuze zimene sipika yachita, pamodzi ndi nambala ya modelo imene ili kumbuyo kapena m'kati mwa kachitseko.