Ndere zonga tsitsi zadzaza thanki: ndigule nsomba yanji?

Sabata yatha ndinalandira imelo kuchokera kwa m'bale wina wa pa boma la Mchinji. Ali ndi thanki ya malita 80 pabalaza, moyandikana ndi zenera, ndipo muli tinsomba ta mitundu ya guppy, platy ndi neon tetra. Akuti ndere zobiriwira, zazitali ngati tsitsi, zakuta zomera ndi miyala yonse. Anakagula pleco, nsomba yodya ndere, ku Lilongwe, koma pleco akungomatirira pagalasi, ndere zikungochulukabe. Akufunsa kuti awonjezere nsomba iti, komanso ngati mbuna za kunyanja kwathu kuno zingathandize.

Achimwene, tiyambe ndi pleco uja. Pakamwa pake anapangidwira kupala ndere zomata pagalasi ndi pamiyala. Zaulusizi sazikhudza. Komanso mtundu wofala uja umakula kupitirira masentimita 30, ndipo ndowe zake n'zochuluka, zomwe ndi feteleza wa ndere zomwezo. M'thanki ya malita 80 mudzavutika naye. Mukapeza munthu wa thanki yaikulu, mpatseni.

Mbuna musayerekeze. N'zoona kuti kunyanja zimakhalira kubudula ndere pamiyala, koma ndi nsomba zaukali zolimbirana malo. Ma guppy anu adzatha zipsepse sabata isanathe.

Nsomba yomwe ndingakuuzeni ndi mtima wonse ndi molly. Siivuta kupeza, imagwirizana ndi platy ndi guppy, ndipo imayenda tsiku lonse ikudzula nsonga za ndere pamasamba. Ziwiri kapena zitatu zakwana. Palinso Siamese algae eater, dzina lake lasayansi Crossocheilus, yomwe imadyadi ndere zaulusi, makamaka ikadali yaing'ono. Imafika masentimita 15 ndipo imadumpha, choncho imafuna thanki yokulirapo kuposa yanuyi komanso yovundikira. Samalani pogula, chifukwa ogulitsa ena amaisokoneza ndi Chinese algae eater. Ya Siamese ili ndi mzere wakuda woyambira kumphuno n'kulowa mpaka m'kati mwa chipsepse cha kumchira. Ya Chinese ili ndi pakamwa pomata ngati pleco, ndipo ikakula imasiya ndere n'kuyamba kumata pamatupi a zinzake. Mukapeza Amano shrimp (tinkhanu tating'ono ta m'madzi todya ndere), zomwe zinatchuka chifukwa cha Takashi Amano, katswiri wokongoletsa mathanki a nsomba wa ku Japan, tengani zisanu kapena kuposerapo, zimagwira ntchito usana ndi usiku. Sizingaswane m'thanki mwanu chifukwa ana ake amafuna madzi amchere, ndipo mankhwala aliwonse okhala ndi kopa amazipha.

Koma mawu amene anandigwira mu imelo yanu ndi akuti zenera. Nanenso kuno ku Kasungu zinandionekera. Thanki yanga inali pamalo poti dzuwa la masana limaomba mbali imodzi, ndipo itafika Okutobala, mbali imeneyo inachita kuluka ngati mkeka, mpaka ka neon kamodzi ndinakapeza katakodwa m'ulusimo. Ndinaika ma molly, akudya, koma ndere zikumera msanga kuposa mmene iwo akudyera. Ndere zimafuna zinthu ziwiri, kuwala ndi chakudya, ndipo ine ndinkazipatsa zonse mosaumira: dzuwa, nyali yoyaka kuyambira m'mawa mpaka pogona, kenaka ana akabwera kusukulu aliyense n'kuthirako chakudya cha nsomba. Chotsala chimawola pansi n'kusanduka nitrate ndi phosphate, zomwezija timathira m'munda wa chimanga ndi fodya.

Ndiye sunthani thankiyo, kapena tchingani mbali ya kuzenera ndi katoni. Nyali iziyaka maola 6 basi kwa mwezi woyamba, zikakhala bwino mufike 8. Chakudya azipereka munthu mmodzi, kamodzi patsiku, choti chithe m'mphindi ziwiri. Molly wokhuta sayang'anako ndere.

Zomwe zamera kalezo chotsani ndi manja. Tengani mswachi watsopano wosakhudza mankhwala otsukira mano, muulowetse pakati pa ndere n'kumaupotokola pang'onopang'ono. Ulusi umadzikulunga wokha n'kutuluka chimtolo. Masamba okutidwa kwambiri ingodulani. Nsomba zimakonda nsonga zanthete zongophuka kumene, zazitali zokhwimazo zimazilambalala, n'chifukwa chake ntchito yoyambayi ndi yanu.

Sabata iliyonse chotsani malita 20 mpaka 25, payipi ikukoka zinyalala za pansi pamchenga. Madzi a pampopi muziyamba mwathira mankhwala ochotsa klorini. Ngati mumatunga pachitsime choyandikana ndi minda, ayezeni nitrate, makamaka nthawi ya dzinja feteleza akakokoloka, chifukwa mutha kumasintha madzi mokhulupirika chonsecho mukubweretsa chakudya cha ndere ndi ndowa. Zikakanika, zimitsani nyali n'kufunditsa thanki yonse bulangete masiku atatu, pampu ya mpweya ikugwirabe ntchito. Nsomba ndi zomera zimapirira, ndere zimafooka.

Onjezaninso zomera zokula msanga kuti zizilanda chakudya. Vallisneria, udzu wautali uja umameranso m'nyanja ya Malawi, ndi hornwort, zonse zimachita bwino popanda chisamaliro chambiri.

Chinthu chimodzi ndikupempheni: pleco uja, kapena zomera zomwe mwadula, musakataye mumtsinje wa Bua kapena m'dambo lililonse. Tonse tikudziwa zomwe namasupuni wachita mu Shire. Zodulazo ziumitseni padzuwa, ndipo madzi ochotsa m'thanki kathirireni ndiwo zamasamba kuseri kwa nyumba. Pakatha masabata atatu ndilembereninso, mundiuze ngati mswachi ukutulukabe wodzaza.