Mwafunsa, tayankha: zokaona nyumba zakalekale kugombe la Aswahili

Mwezi uno mafunso ambiri omwe mwatitumizira ndi a ulendo wokaona nyumba zamakedzana za m'mphepete mwa nyanja ya mchere, kuyambira ku Mombasa, Zanzibar, Kilwa mpaka ku Ilha de Moçambique. Onse sitingawakwanitse, ndiye tasankhapo ena.

FUNSO: Zikomo akonzi. Ine ndi mayi akunyumba takhala tikusunga kandalama kuti tikapumeko ku Zanzibar, koma iwo akuti angofuna kunyanja basi pomwe ine ndikufuna ndikaone Stone Town. Tsiku limodzi lingakwane? Nanga tiyambire pati? — Bambo wina

YANKHO: Bambo, tsiku limodzi mungozungulira ndi kujambulitsa, koma kuti muone ndithu mupatseni masiku awiri, mayiwo muwanyengerere bwino poti nyanja siithawa. Stone Town, chigawo chakale cha nyumba zamiyala mumzinda wa Zanzibar, si yaikulu, mumayenda wapansi chifukwa tinjira take tambiri galimoto siingalowe, ndipo kusochera musakuope, aliyense amasochera mmenemuja, mukangolunjika mbali imodzi mutulukira kunyanja kapena kumsewu waukulu.

Yambirani pa Old Fort, linga lomwe Aluya a ku Oman anamanga cha m'ma 1700 atangothamangitsa Apwitikizi. Pambali pake pali House of Wonders, nyumba yaikulu yachifumu. Kenako tsatani gombe mpaka pa Old Dispensary, nyumba ya makonde osemasema yomwe anayambitsa ndi Tharia Topan, mkulu wa bizinesi wochokera ku India, mu 1887 ndipo inatha mu 1894. Imeneyo ine ndimati ndiye nyumba yokongola kuposa zonse m'tawuniyi, ena atsutsa koma zawo zimenezo.

Koma chomwe ndikufuna mukachite ndi ichi, mukasiye kaye kuthamangira nyumba zotchukazo, mukayime pa chitseko chimodzi kwa mphindi zingapo. Zitseko za ku Stone Town zimakuuzani mwini nyumba anali ndani. Chikakhala cha makona anayi pamwamba, chosemedwa mawu a Chiarabu, kawirikawiri ndi cha kalembedwe ka Aluya. Chikakhala chozungulira pamwamba, chokhala ndi timisonga tamkuwa tonenepa, chimenecho ndi luso lochokera ku India, ndipo amati kwawoko timisongato tinali totchingira njovu zankhondo kuti zisagumule chipata, koma ku Zanzibar tinangosanduka tonyadira kuti pano pali ndalama. Muyang'anenso m'mphepete mwa felemu, mupeza asema tcheni, maluwa, nsomba, mafunde. Ndiye mukalowa m'nyumba iliyonse yakale mukweze maso kudenga, muona mitengo yakuda yopingasa, ndi ya mangrove yomera m'matope a m'mphepete mwa nyanja, eni ake amati boriti. Mitengoyi siitalika kwambiri, n'chifukwa chake zipinda zake zimakhala zazitali koma zopanikizika, womanga sankatha kutambasula chipinda kupitirira kutalika kwa mtengo. Mukangozindikira zimenezi nyumba zonse muziziona mwina.

Mukatopa khalani pa baraza, timakhonde tamiyala tomwe anamanga m'mbali mwa nyumba, anthu amachezerapo madzulo ndipo mvula ikadzaza m'tinjira amayenda pamwamba pake. Za nyengo, pewani Malichi mpaka Meyi, mvula yake si yocheza. Boti lochokera ku Dar es Salaam limatenga pafupifupi maola awiri.

FUNSO: Ndinamva kuti House of Wonders inagwa. Zoona? Nyumba yoti yakhala zaka zonsezi ingagwe bwanji lero kuli mainjiniya ophunzira? — Wowerenga wa pa Facebook

YANKHO: Zoona achimwene, koma sinagwe yonse. Mbali ina yakutsogolo inagumuka pa 25 Disembala 2020, nthawi yomwe inali kale yotseka akuikonza, ndipo panafa anthu ogwira ntchito. Musanapite mufunse kaye ngati atsegula, musangodalira zithunzi zakale za pa intaneti. Nyumbayi anamanga ndi Sultan Barghash, mfumu ya Zanzibar, mu 1883, ndipo dzina lakelo linabwera chifukwa inali yoyamba pachilumbapo kukhala ndi magetsi komanso yoyamba kum'mawa kwa Africa kukhala ndi chikepe. Inapulumuka ngakhale pa 27 Ogasiti 1896 pomwe sitima zankhondo za Angerezi zinaphulitsa nyumba yachifumu yoyandikana nayo, pa kankhondo kaja kosakwana ola limodzi.

Chomwe chinagwetsa mbali imeneyo tisiyire omwe anafufuza, koma funso lanu lachiwirilo ndi labwino chifukwa vuto lake ndi la nyumba zambiri za kugombeli. Makoma ake ndi a miyala ya m'nyanja, ija yobookabooka, yomatidwa ndi laimu ndi dothi. Khoma lotere limamwa chinyezi n'kumachitulutsanso dzuwa likawala, bola kunja kwake kukhale laimu. Ndiye kumabwera munthu wofuna zachangu n'kupaka simenti kapena penti wa mafuta, kunja kumaoneka bwino zedi koma chinyezi chija chatsekeredwa mkati, mchere ukudya mwala pang'onopang'ono, nsonga za boriti zomwe zalowa m'khoma zikuwola, kenako tsiku lina denga pansi. Onjezani madenga odontha, mipope yamadzi amvula yotsekeka, ndi nyumba zomwe okhalamo ndi alendi ambirimbiri mwini wake sakudziwika komwe ali, ndiye palibe woti akonze. Mukamayenda mukaona pulasitala yatupa ngati chithuza kapena kamtengo kamera pakhoma, dziwani kuti nyumbayo ikudwala ngakhale penti wake akuwala. Stone Town inalowa m'kaundula wa UNESCO wa malo ofunika kusungidwa padziko lonse mu 2000, koma kaundula sakonza denga.

FUNSO: Ndine mphunzitsi wa History ku sekondale. Ndimaphunzitsa za Kilwa chaka ndi chaka koma sindinapiteko. Mnzanga akuti kuli mabwinja okhaokha, ndingotaya ndalama. Mukuti bwanji? — Mayi mphunzitsi

YANKHO: Aphunzitsi, mnzanuyo sananame kuti ndi mabwinja, koma pitani. Mwa malo onse a m'ndandanda uno, kwa munthu wa ntchito yanu Kilwa Kisiwani ndiye woyamba. Ndi kutali inde, kum'mwera kwa Dar es Salaam ulendo wa maola angapo pa basi mpaka ku Kilwa Masoko, kumeneko mumatenga chilolezo ku ofesi yoona za malo akale, kupeza wokutsogolerani, n'kuwoloka pa boti kamtunda kochepa.

Chomwe mukapeze ndi Mzikiti Waukulu, womwe mbali yake yoyamba ndi ya zaka za m'ma 1000 ndipo anaukuza m'zaka za m'ma 1300. Mukalowa mkati mumayenda pakati pa mizere ya nsanamira, pamwamba pali timadenga tozungulira ngati mbale zovundikira, tina tikadalipo mpaka lero, zonsezo zomangidwa ndi mwala wa m'nyanja popanda chitsulo. Kenako Husuni Kubwa, nyumba yachifumu ya Sultan al-Hasan ibn Sulaiman yomwe ili pamwamba pa phompho loyang'ana kunyanja, muli dziwe losambira la makona asanu ndi atatu, mabwalo okhala ndi masitepe okhalapo anthu, ndi zipinda zambiri zosungira katundu wamalonda. Ibn Battuta, woyenda maiko wotchuka wa ku Morocco, anafika kuno mu 1331 nthawi ya mfumu yomweyi ndipo anautama mzindawu kuti ndi wokongola. Chuma chake chinkachokera ku golide wa kumtunda, dera la Great Zimbabwe, yemwe ankadzera pa doko la Sofala, ndipo Kilwa inkasula ndalama zakezake zamkuwa. Apwitikizi motsogozedwa ndi Francisco de Almeida anaulanda mu 1505.

Ana anu akamafunsa kuti kodi Afirika ankamanga chani azungu asanabwere, mudzakhala ndi zithunzi zojambula nokha pa foni. Ngati nthawi ilipo pitaninso ku Songo Mnara, chilumba china chapafupi, malo awiriwa analowa limodzi m'kaundula wa UNESCO mu 1981. Musasokoneze ndi Kilwa Kivinje, imeneyo ili kumtunda ndipo inatchuka mochedwa, m'zaka za m'ma 1800, ngati doko lomwe ankafikitsirako akapolo ochokera madera ozungulira nyanja ya Malawi. Tengani madzi akumwa ndi chipewa, mthunzi ndi wosowa.

FUNSO: Ku tchalitchi cha Anglican ku Zanzibar akuti kuli zipinda zapansi momwe ankatsekeramo akapolo. Ndi zenizeni kapena ndi nkhani zongokopera alendo? — Mnyamata wa ku koleji

YANKHO: Apa tisiyanitse zinthu ziwiri. Zoti pamalopo panali msika wa akapolo ndi zoona, palibe amatsutsa. Msikawu unatsekedwa mu 1873 Sultan Barghash atakakamizidwa ndi Angerezi, ndipo chaka chomwecho amishoni a Anglican a bungwe la UMCA anayamba kumanga Christ Church pamalo omwewo, ntchito yomwe anaiyang'anira ndi Bishopu Edward Steere. Iyeyu anamwalira mu 1882 ndipo manda ake ali kuseri kwa guwa. Mkatimo mulinso mtanda wopangidwa ndi mtengo wa ku Chitambo ku Zambia, pomwe anakwirira mtima wa David Livingstone. Amanenanso kuti guwalo lili pomwe panali mtengo wokwapulirapo akapolo.

Za zipinda zapansizo ndiye pali mtsutso. Okutsogolerani adzakuuzani kuti munkadzazidwa anthu odikira kugulitsidwa, koma akatswiri ena a mbiri amakayika, amati nyumba yomwe ili pamwamba pake inamangidwa msika utatsekedwa kale ndipo mwina zinali zosungiramo katundu. Lowanimo ndithu, denga lake ndi lotsika moti munthu wamtali amawerama, mpweya ndi wochepa, koma musakangane ndi wokutsogoleraniyo, iye akunena zomwe anaphunzitsidwa. Nthawi yanu yambiri muithere m'chipinda cha chionetsero chomwe chili pamalo pomwepo, muli zithunzi ndi mbiri yolembedwa bwino, komanso pa chikumbutso chomwe chili panja, ziboliboli zisanu za anthu oimirira m'dzenje atamangidwa unyolo m'khosi, chomwe anapanga ndi Clara Sörnäs wa ku Sweden. Ndipo chonde, pamenepo si pojambulira selfie mukuseka, ena amatero ndipo zimanyansa.

FUNSO: Kavalidwe ndi kujambula, pali malamulo? — Mtsikana wina

YANKHO: Achemwali, anthu ambiri kugombeli ndi Asilamu ndipo nyumba zomwe mukuzisirirazo ndi makomo a anthu, mukukhala mabanja. Zovala zosambira zisiyeni kunyanja, m'tawuni bisani mapewa ndi mawondo. Mizikiti yomwe ikugwira ntchito musalowe osapempha, yambiri salola yemwe si Msilamu. Chitseko jambulani, koma munthu mupemphe kaye, makamaka amayi. Mwezi wa Ramadan musadye poyera masana.

FUNSO: Ndalama zanga zikukwana malo amodzi, Fort Jesus ku Mombasa kapena Ilha de Moçambique. Ndisankhe ati? — Bambo wopuma pantchito

YANKHO: Achikulire, zitengera masiku omwe muli nawo. Fort Jesus, linga lakale lankhondo, ndi ya theka la tsiku ndipo ili mumzinda momwe, kufikako sikovuta. Apwitikizi anaimanga kuyambira 1593 mpaka 1596, pulani yake anajambula ndi Mtaliyana Giovanni Battista Cairati, ndipo mukaiona kuchokera m'mwamba imaoneka ngati munthu wogona chagada. Aluya a ku Oman anaizinga kuyambira 1696 mpaka 1698, omwe anali mkati ambiri anatha ndi njala ndi matenda. Angerezi anaisandutsa ndende kuyambira 1895 mpaka 1958. Muli nyumba yosungira zakale momwe muli katundu wovuulidwa mu sitima ya Apwitikizi yomwe inamira pafupi pomwepo nthawi ya nkhondo ija, ndipo Old Town, chigawo chakale cha Mombasa, ili pakhomo pomwepo.

Koma mutandifunsa ine, ngati miyendo ikadali bwino ndipo muli ndi masiku atatu, pitani ku Ilha. Mumadzera ku Nampula, kenako mlatho wopapatiza wopitirira makilomita atatu, woti galimoto zimadikirana. Kachilumbaka kanali likulu la Apwitikizi m'dziko la Mozambique mpaka 1898 pomwe analisamutsira ku Lourenço Marques, Maputo ya lero. Kunsonga kwake kuli linga la São Sebastião lomwe anayamba kumanga mu 1558, mkati mwake muli chitsime chachikulu chosungira madzi amvula otsika kumadenga poti pachilumbapo madzi abwino ndi osowa, ndipo kuseri kwa lingalo, pamwala penipeni mafunde akumenya, pali katchalitchi ka Nossa Senhora de Baluarte ka mu 1522, komwe amati ndiyo nyumba yakale kwambiri yomangidwa ndi azungu kum'mwera kwa equator yomwe ikadali chiimire. Nyumba yofiira ya São Paulo, yomwe inayamba ngati sukulu ya ansembe a Chijezwiti n'kudzakhala ya bwanamkubwa, pano ndi yosungira zakale.

Musathere ku mbali ya nyumba zamiyala yokha. Yendani kum'mwera, ku Macuti, komwe kumakhala anthu ambiri m'nyumba zofolera ndi masamba a kokonati. Mudzadabwa kuti makomo ake ali m'munsi, inu muli pamsewu mukuyang'ana madenga pansi, chifukwa pamenepo ndi pomwe ankakumba miyala yomangira tawuni ya mabwana ija, ndipo antchito ndi akapolo anadzakhala m'maenje momwemo. Mvula ikagwa yambiri madzi amadzaza kumeneko. Chingerezi kumeneko n'chosowa, ndiye phunziraniko mawu angapo a Chipwitikizi musananyamuke, kapena mupeze wokutsogolerani wa pachilumba pomwepo.