Kafukufuku wa zaumoyo kudzera pa masamba a mchezo

Mwafunsa ngati masamba a mchezo angadaliridwe pochita kafukufuku wa zaumoyo pakati pa amuna ogonana ndi amuna anzawo, kuphatikizapo amene amagonananso ndi akazi. Ine ndikuona kuti angathandize ndithu, chifukwa munthu amene sangayerekeze kuulula nkhani yotereyi kuchipatala amayankha momasuka ali yekha ndi foni yake. Mwachitsanzo, kafukufuku wa zaumoyo wa amuna otere wotchedwa EMIS, wa mu 2010, anafikira amuna oposa 170,000 m'mayiko 38 a ku Ulaya kudzera pa intaneti.

Komabe oyankha amakhala okhawo amene ali ndi intaneti, choncho zotsatira zake siziimira onse. Chondidetsa nkhawa kwambiri ndi chinsinsi: musasunge mayina kapena manambala a IP (manambala ozindikiritsa foni kapena kompyuta pa intaneti), ndipo aliyense avomere yekha atamvetsa bwino cholinga cha kafukufukuyo.