Aphunzitsi, musanagwire wenzulo a hedi asaine kaye

Aphunzitsi, nkhani yanuyi yoti a hedi akupatsani timu ya mpira ndiye mukufunsa poyambira yandikhudza pachilonda, moti makope ndimachonga ndawakankhira pambali. Anzathu amene ayankha kale m'mwambamu akuuzani za kayalidwe ka osewera ka 4-4-2, za makoni, za kuthamangitsa ana m'mamawa. Sindikutsutsa. Koma chodzakugwetsani si 4-4-2 ayi, ndi ndalama za masewero komanso mawu apakamwa.

Ine ndinagwirapo timu pa CDSS ina kunja kwa tawuni ya Zomba. Dzina sinditchula, ena ali m'gulu lomwe lino, amawerenga osayankha. Ndinapatsidwa monga mwapatsidwira inumu, pamsonkhano wa aphunzitsi, chifukwa ndinali wamng'ono pa onse ndipo ankadziwa kuti Red Lions ikamasewera sindipezeka pakhomo. Katundu amene anandisiyira: mpira wobooka, jezi za pakaunjika zosiyana mitundu, ndi wenzulo wosalira. Koma anyamata anali ndi miyendo, amenewo ndiye sindinama. Ana okulira pa chikulunga, mpira ukafika kuphazi suchoka chisawawa. M'zoni mwathu tinakwapula aliyense, n'kuuzidwa kuti ndime yotsatira tikasewerera kusukulu ina njira ya ku Jali, kumunsi cha ku Chilwa.

Inali teremu yachiwiri, mvula ili pakati. Kumbukirani kuti kwacha inali itangogwa ndi 44% mu Novembala 2023, mafuta ndi chilichonse zitakwera, koma thumba la masewero lili pomwe paja. Bajeti ndinalemba nthawi ilipo: lole, chakudya, ya oyimbira, mabandeji ndi mankhwala opaka. A hedi anaiyang'ana ataimirira pakhomo la ofesi, n'kuti zili bwino, pitani, ndalama mukatenge Lachisanu kwa osunga chuma. Pakamwa basi. Lachisanu osunga chuma osapezeka. Loweruka m'mawa foni ikulira, akuti ndalama ija tabwereka, tagulira mapepala a mayeso a Fomu 4, tibweza mwezi ukatha. Nthawi imeneyo ana ali kale pansi pa mtengo wa mango atavala jezi, atsikana ochemerera ng'oma zili m'khwapa, ena achokera kutali wapansi kusanache. Inu mukanawauza kuti bwererani? Timu ikapanda kufika pabwalo, enawo amapambana osatuluka thukuta, ndipo ana aja sadzakukhululukirani.

Ndinaimbira dalaivala wina wa lole ku Chinamwali, n'kumutumizira theka pa Mpamba kuchokera pa malipiro anga, yotsala tidzaonana. Ana anadya mandasi ndi madzi, nkhomaliro n'kukhala yomweyo. Tinafika mochedwa, oyimbira akuloza wotchi, osapatsidwa ngakhale mpata wotenthetsa thupi. Bwalo lake, abale inu. Chulu mbali imodzi, kangalande ka madzi a mvula kudutsa chapakati, zigoli za bulugama chingwe pamwamba, mizere ya phulusa yofufutika kale. Timu inayo itatuluka ndinangogwira pakamwa. Ena ndevu zometa m'mawa womwewo. Wina wakumbuyo ndinamuzindikira, amayendetsa kabaza pa Mpondabwino, ananditengapo ine ndemwe. Nditafunsa, mphunzitsi wawo anatulutsa pepala la m'kope lolemba pamanja, akuti onsewa ndi a Fomu 3, ndipo oyimbira anati za zaka mukadandaule kutsogolo, pano tiyambe.

Ndinali ndi kamnyamata ka Fomu 2 kosewera kumbali, kochepa thupi, kaliwiro. Chigawo choyamba kanamuzunguza wa kabaza uja mpaka masapota awo omwe kuyamba kumuseka mnzawo. Titabwerera kopuma, munthu uja sanalinso ndi mpira m'maganizo. Analowa ndi miyendo yonse iwiri. Phokoso lake linamveka ngati nkhuni youma ikuthyoka, ndipo ng'oma zinasiya zokha. Nditathamangirapo mwendo unali utapindika pansi pa bondo pamalo posapindika. M'sokosi munali katoni, chifukwa zotchinga msongolo zinali pa bajeti ija yogulira mapepala. Mwana sanalire n'komwe poyamba, ankangondiyang'ana, kundifunsa ngati wapatsidwa penate.

Anthu anaunjikana. Wina akuti ukokeni ubwerere m'malo mwake, wina akuti pali agogo apafupi amalumikiza mafupa, wina akuthira madzi kumutu. Ndinachita kukalipa kuti asaugwire. Tinathyola matabwa a desiki yakufa, n'kumanga mwendo momwe unalili ndi chitenje cha madamu amene tinapita nawo. Kufunafuna lole, kulibe. Dalaivala ataona kuti walandira theka anati apezeretu ganyu yonyamula katundu cha ku Kachulu, foni yazima. Tinazula chitseko cha kalasi, kumugoneka pamenepo, anyamata kunyamula mpaka kumsewu m'matope, mvula yayambanso. Galimoto imene inaima inali ya ogula nsomba, mwana n'kugona pakati pa madengu a matemba, ine nditagwira mwendo kuti usagwedezeke, bampu iliyonse iye kukuwa, ine kupepesa. Ana ena onse ndinawasiya ndi madamu aja kumudzi kwa eni, kunja kukuda, opanda chakudya. Kuchipatala chachikulu tinafika usiku. Anatilandira bwino, atajambula anati mafupa onse awiri a m'munsi athyoka.

Mayi ake anafika pa njinga yamoto, chitenje chili m'manja, osavala nsapato. Sankadziwa n'komwe kuti mwana wapita kumpira, anawatsanzika kuti akukawerenga kusukulu. Anandigwira malaya pamaso pa anamwino, kundifunsa ngati mwana wawo anamutumiza kusukulu kapena kunkhondo. Mayi amenewo sindiwadandaula ngakhale pang'ono, ndi mwana wawo.

Amene ndimawadandaula mpaka lero ndi a hedi aja. Lolemba, pamaso pa wapampando wa PTA ndi amalume a mwanayo, anakhala pampando wawo mwaulemu wake n'kunena kuti ulendo umenewu ofesi sinaudziwe, aphunzitsi anatenga ana mwa iwo okha. Ndinati bwana, si inu munati pitani? Anati tionetseni pamene ndinasaina. Osunga chuma ali pomwepo, maso pansi, akusewera ndi makiyi. Bajeti yanga ija inasowa m'ofesi ngati sinalembedwepo. Ine ndi amene ndinauzidwa kulemba kalata yofotokoza chifukwa chimene ndinaikira moyo wa ana pachiswe. A hedi omwewo titapambana m'zoni anavala suti, kujambulitsa ndi anyamata, kutumiza pa WhatsApp ya mahedi anzake kuti sukulu yanga ikuchita bwino. Pa chikho ndi sukulu yanga, pa chikhakhapa ndi aphunzitsi anapita okha. Kuchipatala sanapondeko, ngakhale kutumiza botolo la Sobo. Mwini lole naye anandisaka miyezi, kundidikirira pachipata tsiku la malipiro, ngakhale anatithawa. Mwana uja anakhala pakhomo ndi ndodo, manotsi ndinkamupititsira ndekha, JCE sanalembe chaka chimenecho, anabwereza kalasi. Akuyenda bwinobwino tsopano koma mpira anasiya, akangomva wenzulo amadutsa njira ina.

Ndiye poyambira panu ndi pepala. Ulendo uliwonse, ngakhale wongopita ku Domasi kapena ku Thondwe, kalata ikhale ndi siginecha ndi chidindo cha a hedi, muijambule pafoni musanaibweze, ina musunge kunyumba osati m'ofesi. Makolo nawo asaine, kalata yake ya Chichewa, alembepo nambala ya foni ndiponso ngati mwana ali ndi mphumu kapena khunyu. Wopanda kalata sakwera lole, akhale ndi amene amamwetsa zigoli zonse. Ndalama muilandire m'manja Lachitatu. Ikafika Lachinayi isanatuluke, lembani kwa okonza mpikisano kuti simubwera ndipo mutchule chifukwa chake, manyazi akhale a ofesi. Dalaivala musamulipire yonse asanakubwezeni, koma makiyi a galimoto akhale m'thumba mwanu mpira uli mkati, kapena mumukhazike pa benchi pafupi nanu.

Za zaka musazitenge mwachibwana, ndi zimene zimathyola ana. Funsani a MASSA, bungwe loona za masewero a m'sukulu, a m'boma lino malamulo a mpikisano umene mukulowa, muwasunge olembedwa. Mndandanda wa osewera anu ukhale ndi zithunzi, kalasi ndi chidindo. Chiphaso cha unzika cha NRB chimayambira zaka 16, ocheperapo abweretse kalata yakubadwa kapena buku lakuchipatala. Mukaona ndevu mbali inayo, dandaulo lilembedwe mpira usanayambe, oyimbira asainepo, chifukwa mukadandaula mutagonja aliyense amati ndi nsanje. Ndipo dziwani kuti tsiku lina akuluakulu anu omwe adzakubweretserani anyamata awiri a m'tawuni kuti muwaveke jezi, akuti tingodutsa ndime ino. Kanani. Zikadzaululika adzati mndandanda analemba ndi kochi. Kutsogoloku kulibenso kobisala: mpikisano wa masukulu wa CAF, bungwe la mpira la mu Africa, umene unayamba mu 2022, womwe ndime yake ya COSAFA, ya mayiko a kumwera kwa Africa, inachitikira ku Lilongwe chaka chomwecho, ndi wa ana osapitirira zaka 15, ndipo pa mipikisano ya osapitirira zaka 17 CAF imajambula mafupa a dzanja ndi makina a kuchipatala a MRI pofuna kutsimikiza zaka.

Bokosi la chithandizo choyamba ligulidwe jezi zisanagulidwe. Mabandeji, thonje, magolovesi, Thanzi ORS, ndi zotchinga msongolo ngakhale zapakaunjika. Fupa likathyoka osalikoka, mangani kumtunda ndi kumunsi momwe lilili. Mwana akagundana mutu n'kuyamba chizungulire, atuluke ndipo asabwererenso tsiku limenelo, alire bwanji. Wotentha thupi sasewera, malungo ndi dzuwa la ku Chilwa si zoseweretsa. Mphenzi ikayamba, nonse m'kalasi. A Red Cross amaphunzitsa zimenezi, pitani ndi kaputeni wanu. Inunso funsani kwa mkulu wa zamasewero wa boma kapena ku FAM ku Mpira Village, Chiwembe, za maphunziro a ukochi oyambira, a CAF D. Pepala limenelo limathandiza ngakhale pokangana ndi makolo amene amadziwa mpira wa pa wailesi.

Zophunzitsa zenizenizo si zovuta monga mukuopera. Ana a CDSS amabwera wapansi, ambiri m'mimba muli mphepo, ndiye musawazungulitse bwalo ngati asilikali a ku Cobbe. Ola limodzi ndi pang'ono akaweruka, mpira uli kuphazi, timagulu ta anayi kapena asanu, aweruke dzuwa likadalipo. Timu muimange pa Fomu 1 ndi Fomu 2, chifukwa a Fomu 4 teremu yachitatu MSCE imawalanda, ndipo makolo amakhala kumbali ya MSCE. Lamulo likhale loti wothawa m'kalasi sagwira mpira. Komabe goloboyi wabwino sapezeka wamba, ndiye ameneyo akathawa masamu mukambirane naye kuseri, musamutaye. Atsikana musangowakankhira ku netiboli. Tabitha ndi Temwa Chawinga anachokera ku Rumphi, Scorchers, timu ya dziko ya amayi, inatenga chikho cha COSAFA mu 2023, Temwa n'kukhala wosewera wopambana onse mu ligi ya ku America mu 2024. Koma paulendo wa atsikana madamu asasowe, olo tsiku limodzi, pakamwa pa anthu mukupadziwa.

Ndalama yanu musaikemo ngakhale tambala, sadzakubwezerani, ndipo mukangoyamba amazolowera kuti aphunzitsi a masewero amadzipezera okha. Ngakhale ndatero, tsiku la mpira musachoke pakhomo foni ilibe kanthu pa Airtel Money, chifukwa mwana akagwa simudzaimbira komiti, mudzaimitsa galimoto. Amayi a Mother Group ndi makolo awiri atatu okonda mpira muwakokere pafupi, phala la tsiku la mpira limachokera kumeneko, ndipo akakhala mboni a hedi amasankha mawu.

Ena anena kuti ndikukuopsezani kuti mukane. Ayi, itengeni timuyo, mukaikana aipereka kwa munthu amene sadzawerenga n'komwe ana pokwera lole. Ine pano ndili pasukulu ina ndipo ndikuphunzitsabe, ngakhale ndinalumbira kuchipatala kuja kuti basi. Kalata ya makolo imene ndimagwiritsa ntchito ndikutumizirani ku inbox madzulo ano, mungosintha dzina la sukulu. Ngati mumadutsa cha ku Matawale pampu ndili nayo yapadera mutha kubwereka, koma singano mugule yanu, zanga zonse zinapita ndi obwereka.