Achemwali, kwerani sitima ya ku Bergen ija, sutikesi idzadzaza ulendo wina

Imelo iyi yagona mu foni mwanga masiku asanu ndisanayankhe, chifukwa ndikangoitsegula mtima umandiwawa. Achemwali ena alemba kuti akubwera kuno ku Norway mu Juni kudzachita maphunziro a masabata atatu ku Ås, nde akufunsa ngati n'koyenera kudya alawansi pokaona ma fjord (zigwa zakuya zomwe nyanja inalowamo) ndi ma miyuziyamu, kapena angosunga agulire ana zinthu, poti abale awo awauza kuti mapiri ali ku Mulanje, madzi ali ku Mangochi, mukaona chani chachilendo.

Achemwali, mawu amenewo inenso ndinauzidwa, ndipo ndinawamvera.

Bambo anga anali mphunzitsi wa jogalafe pa sekondale ina kwathu ku Phalombe. Ndege sanakwerepo, nyanja yamchere sanaionepo, koma fjord ankaijambula pa bolodi ndi choko ngati anabadwira komweko, kufotokoza mmene madzi oundana ankakumbira chigwa pang'onopang'ono kwa zaka zikwizikwi, kenako atasungunuka nyanja n'kulowa m'chigwamo. Tsiku lomwe kalata yondiitana ku sukulu kuno ku Norway inabwera, aliyense pakhomo ankawerengetsera zake, uyu malata, uyu fizi, uyu feteleza, iwo okha anandiitanira pakhonde n'kunena kuti mwana wanga ukakafika ukandionere fjord, ujambulitse utaima pomwepo, ndikawaonetse ana a fomu 3 kuti zomwe ndimawauza zija zilipodi. Ndinati chabwino ababa, imeneyo ndi nkhani yaing'ono.

Nde ndinafika. Masana kalasi, madzulo kukolopa maofesi, kirona iliyonse ndikaigwira mutu umayamba waisintha kaye kukhala makwacha. Ndikayang'ana mtengo wa tikiti ya sitima ndinkangoona matumba a feteleza akundiyang'ana. Akaimba foni ankafunsa, kodi wapita kuja? Ine ndikadzamaliza mayeso ababa. Kenako chilimwe chikubwerachi ababa. Chilimwecho chitafika ndinapeza ganyu ina, ndinati mwayi suphonyedwa. Anamwalira mu Febuluwale chaka chachiwiri, kuno kuli mdima uja wa 4 koloko masana, ndipo ndalama zonse zomwe ndinkaumira zinathera pa tikiti ya kumaliro. M'kabati mwawo tinapezamo makope a manotsi, chithunzi cha fjord chojambula ndi bolopeni yabuluu, timivi tosonyeza komwe madzi oundana ankalowera.

Ndinapita Juni wotsatira, ndekhandekha, kope lija lili mu chikwama. Sitima yochoka ku Oslo kupita ku Bergen imayenda maola pafupifupi 7, imayamba m'nkhalango, kenako mitengo imangotha, mukukwera kumtunda kwa miyala yokhayokha, pofika pa siteshoni ya Finse muli mamita 1,222 pamwamba pa nyanja ndipo chipale chinali chikadali mbuu mwezi wa Juni. Ndinatsikira pa Myrdal n'kukwera ina yaing'ono yotsetserekera ku Flåm, makilomita 20 okha koma imatsika mamita oposa 860, kulowa m'mapanga kutuluka, kulowa kutuluka, imaima pa mathithi a Kjosfossen anthu n'kutsika, madzi akuwaza kumaso, phokoso loti simungamvane ndi mnzanu. Ku Flåm ndinakwera boti la ku Gudvangen, maola awiri, kudutsa mu Nærøyfjord, imene bungwe la UNESCO linaiika pa malo otetezedwa mu 2005. Pena imapanikizika mpaka mamita 250 okha, makoma a miyala uku ndi uku kungoti njo mpaka khosi kuwawa, timidzi tating'ono titakakamira m'mphepete, madzi ali zii. Chinali chimodzimodzi ndi mmene ankajambulira. Chigwa chonga chilembo cha U, ndendende. Ndinalira pa boti paja mpaka mayi wina wachikulire anangondipatsa kapu ya khofi osafunsa kanthu.

Nde pamene munthu akuti mukaona chani chachilendo, ine zimandikwiyitsa, ndisakubisireni. Tinazolowera zoti mwana wa Amalawi akapita kunja ndi wonyamula katundu basi, apite, atseke maso, abwere ndi masutikesi awiri a makilo 23. Akajambulitsa pa phiri akuti akunyada, akuwononga. Koma mzungu akabwera kwathu kudzakwera Sapitwa timati ndi wophunzira, amadziwa kuyenda. Ine ndakana zimenezo. Zovala zomwe mukufuna kugulira anazo ku kaunjika ziliko, zotchipa kuposa kuno, ndipo pofika chaka chamawa zikhala zitawachepera. Kugula zovala ku Norway ndiye kuwononga kwenikweniko.

Komanso abale anuwo pena akunena zoona osadziwa. Phiri lalitali kwambiri kuno, Galdhøpiggen, ndi mamita 2,469, pomwe Sapitwa ndi 3,002, ndiye pa kutalika tawaposa shuwa. Pa kuya ndiye atiposa, Sognefjord imapitirira mamita 1,300 pomwe nyanja yathu imathera cha m'ma 700. Koma afunseni kuti Mulanje yemwe akumutchulayo anamukwera liti. Ine ndinakulira m'tsinde mwake ndipo ngakhale pa Dziwe la Nkhalamba ndinali ndisanafikepo, ndinakapita nditabwerako ku fjord, chifukwa ndi kuno komwe ndinaona anthu akukonda dziko lawo ndi miyendo. Lamlungu mashopu ambiri amatseka, banja lonse mpaka agogo ndi khanda kumsana ali m'nkhalango. Ali ndi ufulu womwe amautcha allemannsretten, uli m'lamulo la 1957, woti aliyense ayende m'tchire, m'phiri, m'mbali mwa nyanja, ngakhale malowo ali ndi mwini, angathe kugona mu tenti masiku awiri bola atalikire nyumba ya munthu mamita 150. Ndikaganiza mmene gombe lathu lina latsekedwera ndi mipanda, mwana wa msodzi kuthamangitsidwa pa mchenga womwe agogo ake ankayanikapo usipa, zimandipweteka kwabasi. Nkhani imeneyo ndidzailemba payokha, ndingatenthe mutu pano.

Mukakhala ku Oslo

Kuchoka ku Ås kufika ku Oslo pa sitima sipapitirira theka la ola, ndiye mukaweruka mutha kupita, poti mu Juni kumada mochedwa kwambiri, 10 koloko usiku kukadali koyera. Yambani ndi zaulere. Paki ya Vigeland simulipira, muli ziboliboli zoposa 200 za wosema mmodzi, Gustav Vigeland, pakati pali mwala umodzi wautali wosemedwa anthu 121 akukwerana. Ndikuuziranitu, zonse ndi zosavala, tsiku loyamba ndinachita manyazi, koma mukayang'anitsitsa ndi moyo wa munthu kuyambira ukhanda mpaka ukalamba, pali nkhalamba ziwiri zogwirana zomwe zinandikumbutsa kwathu. Nyumba ya Opera yomwe anatsegula mu 2008 mumakwera padenga pake ndi miyendo, kwaulere. Pabwalo la linga la Akershus chimodzimodzi.

Miyuziyamu yolipira sankhani imodzi kapena ziwiri, ine ndinganene Fram ku Bygdøy, basi nambala 30 imakafika. Mumalowa m'chombo chenicheni chomwe Fridtjof Nansen anapita nacho kumpoto mu 1893, chomwechonso chinanyamula Roald Amundsen amene anafika ku South Pole pa 14 Disembala 1911, mumaona timabedi tawo, khitchini yawo, mumamva fungo la matabwa akale. Pafupi pomwepo pali Kon-Tiki, chiphaka cha mitengo chomwe Thor Heyerdahl anawoloka nacho nyanja kuchokera ku Peru mu 1947, masiku 101. Miyuziyamu ya zombo za ma Viking, amalinyero akale a kuno, anaitseka mu 2021 kuti aimangenso, onani kaye pa intaneti musanavutike ulendo. Ndipo mukadzabwerera kumudzi mukawatengere ana ku miyuziyamu ya ku Chichiri kapena ya ku Karonga komwe akaone chifaniziro cha mafupa a Malawisaurus, ana athu ambiri sadziwa n'komwe kuti kwathu kunapezeka dayinoso.

Za kuwala kobiriwira kwa kumwamba kuja mumakuona pa Facebook, mu Juni iwalani, kumafuna mdima, ndi kwa Seputembala mpaka Malichi cha ku Tromsø. Preikestolen, thanthwe lija la mamita 604 lopanda mpanda, lili kutali cha ku Stavanger ndipo kukwera ndi kutsika ndi maola anayi, pa masabata atatu musadzipanikize nalo.

Ndiye yankho langa ndi ili. Patulani wikendi imodzi, gulani tikiti ya Oslo, Myrdal, Flåm lero lomwe chifukwa yogula msanga imatsika mtengo, buledi ndi zopaka mugule mu shopu ya Kiwi kapena Rema 1000 Lachisanu mupakire nokha ngati eni dziko, madzi a pampopi ndi abwino musagule a m'botolo. Mukapitirira mpaka ku Bergen mukaone nyumba zamatabwa za Bryggen, koma tengani jekete ya mvula, kumeneko imagwa osapempha. Mpando sankhani wa pawindo, foni ikhale yodzaza moto, ndipo ngati kumudzi kuli wina amene anakupemphani chithunzi, mutumizireni muli pa boti pomwepo, netiweki imagwira.