Yankho kwa amalume: kodi kuteteza chilengedwe n'kutsekera osauka njira ya chitukuko?

Amalume, funso limene munaponya pagulu pano ndalimva, ndipo ndaona kuti ndiliyankhe ndi mawu chifukwa silingathe m'mizere iwiri. Munafunsa chifukwa chimene mayiko amene anadula nkhalango zawo, kukumba malasha n'kulemera nazo, lero akuuzira mayiko osauka kuti asiye mitengo, nyama zakutchire ndi mafuta a pansi pa nthaka momwe ziliri, ndipo munamaliza ndi kunena kuti mwina nkhani yoteteza chilengedwe ndi msampha wongofuna kuti osauka asatukuke. Mbali ina ndikugwirizana nanu kwathunthu, koma mbali inayo mundilole ndisiyane nanu mwaulemu.

Ndiyambe ndi pamene mwalasa. Africa yonse imatulutsa mpweya wa kaboni wosafika 4 peresenti ya umene dziko lapansi limatulutsa pa chaka, komabe chilala, anamondwe ndi madzi osefukira zimapweteka kwambiri anthu amene alibe chowatchinjiriza. Papepala mayiko olemera sakana zimenezi. Pa msonkhano waukulu wa ku Rio de Janeiro mu 1992, pomwe panasainidwa pangano la zanyengo ndi pangano loteteza zamoyo zosiyanasiyana, anavomereza kuti udindo ndi wa tonse koma kulemera kwake n'kosiyana, moti amene anawononga kwambiri ndiye ayenera kusenza katundu wamkulu. Ku Copenhagen mu 2009 analonjeza kuti pofika 2020 azipereka madola 100 biliyoni chaka chilichonse kwa mayiko ongotukuka kumene, koma chiwerengerocho chinakwanira mu 2022, ndipo gawo lalikulu la ndalamazo linabwera ngati ngongole.

Zimene zinachitika ku Ecuador zikuonetsa bwino kwambiri mmene malonjezo oterewa amathera. Mu 2007 pulezidenti Rafael Correa anauza dziko lapansi kuti pansi pa nkhalango ya Yasuní, yomwe ili m'chigawo cha Amazon ndipo ili ndi mitundu yochuluka zedi ya mitengo, mbalame ndi achule, pali mafuta ambiri, ndipo boma lake linali lokonzeka kuwasiya pansi pomwepo ngati mayiko ena akanapereka madola 3.6 biliyoni, omwe anali pafupifupi theka la ndalama zimene dzikolo likanapeza litawagulitsa. Pofika 2013, ndalama zimene zinali zitalowadi m'thumbalo zinali madola pafupifupi 13 miliyoni okha, ndipo Correa anathetsa ndondomekoyo n'kulola kuti mafuta ayambe kupopedwa. Pamenepa, amalume, ine sindingawaikire kumbuyo mayiko olemera. Koma nkhaniyi ili ndi mchira wake: mu August 2023 anthu a ku Ecuador eni ake, ngakhale dziko lawo linali m'ngongole, anavota pa riferendamu, ndipo pafupifupi 59 peresenti anasankha kuti kupopa mafuta m'gawo limenelo la Yasuní kusiyidwe. Iwowo sanakakamizidwe ndi mlendo aliyense.

Tsopano ndifike pamene ndikusiyana nanu. Chilengedwe chili ndi liwiro lake lodzibwezeretsa, ndipo liwiro limenelo silimva malamulo a boma kapena mkangano wa olemera ndi osauka. Kunyanja ya ku Newfoundland, kum'mawa kwa Canada, anthu anapha nsomba za mtundu wa cod kwa zaka pafupifupi 500 osazimaliza, chifukwa mabwato ndi mbedza za nthawiyo zinkasiya nsomba zokwanira kuswana. Kuyambira m'zaka za m'ma 1950 kunabwera sitima zikuluzikulu zokoka makoka pansi pa nyanja, zokhala ndi makina ofufuzira nsomba ndiponso zipinda zoziziritsira, ndipo mu 1968 mokha kunaphedwa matani oposa 800,000. M'zaka za m'ma 1980 asodzi a mabwato ang'onoang'ono ankadandaula kuti nsomba zikuchepa ndiponso zimene akugwira n'zazing'ono msinkhu, koma akuluakulu ankayang'ana zimene sitima zikuluzikulu zinkakocheza nazo n'kumati zonse zili bwino, osazindikira kuti makina aja ankatha kupeza magulu otsiriza a nsomba ngakhale nyanja ikupita kokutha. Mu July 1992 boma la Canada linaletsa kupha nsombazo, ndipo anthu pafupifupi 30,000 anataya ntchito nthawi imodzi. Chiletsocho ankati chikhala cha zaka 2, koma chinachotsedwa mu 2024, ndipo pochichotsa analoleza matani 18,000 okha pa chaka. Anthu amenewa anali a dziko lolemera, ndipo palibe amene anawatsekera chitukuko. Anadya mpamba akuganiza kuti akudya phindu.

Nyanja ya Aral, yomwe ili pakati pa Kazakhstan ndi Uzbekistan, inaphwa pafupifupi yonse pa chifukwa chofanana, pamene boma la Soviet Union linapatutsa mitsinje ya Amu Darya ndi Syr Darya kuti izithirira minda ya thonje kuyambira m'zaka za m'ma 1960, mpaka doko la Moynaq linatsala m'chipululu sitima zake zitakhala pamchenga. Ndiye akatswiri a bungwe la IPBES, lomwe limasonkhanitsa kafukufuku wa zamoyo za padziko lonse, atalengeza mu 2019 kuti mitundu pafupifupi 1 miliyoni ya nyama ndi zomera ili pangozi yotheratu, ankanenanso za tizilombo timene timathandiza mbewu kubereka, nkhalango zimene zimasunga magwero a mitsinje, ndi nsomba zimene anthu mamiliyoni amadalira. Zinthu zimenezi zikatha, wolemera amagula kwina, koma wosauka amasowa kolowera.

Komabe sindikufuna mundimve ngati ndikunena kuti chilichonse chotchedwa kuteteza chilengedwe n'chabwino, chifukwa pali nkhanza zambiri zimene zachitika m'dzina limeneli. Nkhalango ya Bwindi ku Uganda itasandutsidwa paki mu 1991, anthu a mtundu wa Batwa, omwe makolo awo anakhala m'nkhalangomo kuyambira kalekale, anatulutsidwa, ndipo ambiri anatsala opanda malo ndi opanda chipukutamisozi. N'zoona kuti anyani a gorila a m'mapiri achuluka mpaka kupitirira 1,000 m'mayiko atatu amene amapezeka, ndipo alendo odzawaona amabweretsa ndalama zambiri, koma mtengo wa chipambanocho unalipiridwa ndi anthu amene sanafunsidwe n'komwe. N'chifukwa chake mayiko atagwirizana ku Montreal mu December 2022 kuti pofika 2030 akhale atateteza 30 peresenti ya mtunda ndi nyanja, anthu a mitundu yoyamba kukhala m'madera oterowo analimbikira kuti ufulu wawo pa malo ulembedwe m'panganolo, ndipo unalembedwadi. Ngati udzalemekezedwa pansi pomwe pali mipanda ndi mfuti za alonda, ndi nkhani imene tiyenera kuitsatira ndi diso lakuthwa.

Kwa ine, nkhani yonseyi imakathera pa mafunso awiri: kodi chinthucho n'cha yani, nanga amene akuluza posiya kuchigwiritsa ntchito akupeza chiyani? Dziko la Niger ndi limene limandiphunzitsa kwambiri pa mfundo imeneyi. Pansi pa malamulo ochokera kwa atsamunda a ku France, mitengo inkaonedwa ngati ya boma ngakhale itamera m'munda mwa munthu, ndipo mlimi ankatha kulipitsidwa chindapusa chifukwa chodula nthambi. Zotsatira zake zinali zakuti mlimi wochenjera ankazula mphukira iliyonse isanakule, kuti asadzayambane ndi alonda a nkhalango, ndipo minda inakhala mbee, mphepo n'kumaulutsa dothi ndi kukwirira mbewu zongomera kumene. Mabungwe anathira ndalama zambiri pobzala mbande, koma zambiri zinkafa ndi dzuwa kapena kudyedwa ndi ziweto. Chilala choopsa cha m'zaka za m'ma 1980 chitawakhaulitsa, alimi a m'chigawo cha Maradi, mothandizidwa ndi katswiri wa zaulimi wa ku Australia, Tony Rinaudo, anayamba njira ina yosafuna ndalama: zitsa zakale zimene mizu yake inali idakali moyo ankazisiya ziphuke, n'kusankha mphukira zingapo zamphamvu, zotsalazo n'kumazisadza. Mitengo ina inali ya nsangu, yomwe imayoyola masamba nthawi ya mvula, moti siiphimba mbewu koma imathira chonde m'nthaka. Pang'onopang'ono boma linasiya kuumitsa dzanja, malamulo anasintha, ndipo alimi anayamba kuona mitengoyo ngati yawo. Masiku ano akatswiri amawerengera kuti mitengo pafupifupi 200 miliyoni yabwerera pa mahekitala pafupifupi 5 miliyoni, makamaka m'zigawo za Maradi ndi Zinder. Chimene ndikufuna muone, amalume, n'chakuti alimiwo sanasiye kudula. Amapeza nkhuni, chakudya cha ziweto ndi ndalama kuchokera m'mitengo yomweyo, ndipo n'chifukwa chake amaisamala popanda wowalondera.

Elinor Ostrom, mayi woyamba kulandira mphoto ya Nobel pa zachuma mu 2009, anafufuza malo odyetsera ziweto ku Switzerland, ngalande za mthirira ku Nepal ndi usodzi ku Turkey, ndipo anapeza kuti anthu wamba amatha kusamala chuma cha onse kwa zaka mazanamazana ngati malire ake akudziwika, ngati ogwiritsa ntchitowo ndi amene amapanga nawo malamulo, ngati pali owayang'anira amene amayankha kwa iwo, ndiponso ngati chilango chimayamba pang'ono n'kumakula kwa wobwereza mlandu. Namibia inatsata njira yofanana mu 1996 pamene inapatsa midzi ufulu woyang'anira nyama zakutchire ndi kulandira ndalama zochokera kwa alendo ndi alenje ovomerezeka, ndipo lero kuli madera oterowo oposa 80, ngakhale kuti madandaulo a njovu zowononga minda sanathe. Costa Rica, yomwe nkhalango zake zinatsika kufika pafupifupi gawo limodzi mwa magawo anayi a dzikolo m'zaka za m'ma 1980, inayamba mu 1997 kulipira eni malo kuti asunge mitengo, pogwiritsa ntchito msonkho wa mafuta a galimoto, ndipo tsopano nkhalango zapitirira theka la dziko.

Azakhali, inunso munaonjezapo kuti bola anthu angobzala mitengo yambiri vuto la nyengo lithe. Pepani, koma apa mpofunika kusamala, chifukwa zothandiza nyengo sizithandiza zamoyo nthawi zonse. Munda wa bulugamu wokhawokha umayamwadi kaboni, koma umamwa madzi ambiri ndipo susunga mbalame, tizilombo ndi zitsamba zimene nkhalango yachilengedwe imasunga. Ukabzalidwa pamalo amene mwachibadwa ndi a udzu kapena dambo, umawononga zimene zinalipo. Galimoto zamagetsi zimachepetsa utsi m'mizinda ya ku Europe ndi China, koma mabatire ambiri amafuna miyala ya cobalt, yomwe pafupifupi 70 peresenti yake imakumbidwa ku Democratic Republic of Congo, ndiponso nickel, yemwe migodi yake ikugwetsa nkhalango pazilumba za Sulawesi ndi Halmahera ku Indonesia. Malo amene zolinga ziwirizi zimayendera limodzi popanda kukangana ndi aja osunga kaboni wakale. Mu 2017 akatswiri analengeza kuti madambo a Cuvette Centrale, omwe ali pakati pa mayiko awiri a Congo, ali ndi dothi lonyowa lopangidwa ndi zomera zosawolerana, lomwe likusunga matani pafupifupi 30 biliyoni a kaboni. Madambo amenewo ataumitsidwa, kaboniyo angapite m'mlengalenga, monga zinachitikira ku Indonesia mu 2015 pamene dothi lotere linapsa kwa miyezi ndipo utsi wake unafika mpaka ku Singapore ndi Malaysia. Koma mu 2022 boma la Kinshasa linatsatsa malo ofufuzirako mafuta, ena mwa iwo okhudza madambo omwewo, ndipo mfundo yake inali yofanana ndi yanu, amalume, yakuti anthu ake akufunika sukulu, zipatala ndi misewu. Ine sindinganene kuti mfundoyo n'njopanda pake, koma ndikuona kuti ngati dziko lonse likupindula ndi madambowo, dziko lonse liyenera kulipira mtengo woti akhale osakhudzidwa, ndipo ndalamazo zifike kwa anthu okhala m'mphepete mwake.

Ndalama zoterozo zilipo, kungoti zambiri zikupita kolakwika. Pangano la ku Montreal lija linanena kuti mayiko olemera azipereka madola osachepera 20 biliyoni pa chaka pofika 2025, ndi 30 biliyoni pofika 2030, zothandizira mayiko osauka kuteteza zamoyo. M'pangano lomwelo mayiko anavomera kuchepetsa ndi madola 500 biliyoni pa chaka sabuside amene maboma amapereka ku ntchito zowononga chilengedwe, monga yotsitsa mtengo wa mafuta a sitima zikuluzikulu za usodzi zimene popanda thandizolo sizikanapindula n'kukapha nsomba kutali. Mukayerekeza ziwerengero ziwirizo muona kumene kuli nkhondo yeniyeni, chifukwa sabuside aliyense ali ndi eni ake amene amamudyerera, ndipo anthu amenewo amakhala pafupi ndi nyumba za malamulo kuposa msodzi wa bwato laling'ono kapena mlimi wa ku Maradi. Ndiime pomwepa, amalume, ndimve maganizo anu.